Loweruka la pa Bolodi ya Lamya

Funso loyamba limene ndinafunsidwa nditafika pa ntchito ku Mzimba silinali la dzina langa kapena la kwathu, ngakhalenso la mmene ndayendera pa basi imene inandigwedeza matumbo kuchokera ku Kasungu. Mayi amene ndinawapeza atakhala pa bolodi ya lamya anasendeza chomvera kukhutu limodzi, kundiyang'ana kuyambira pa duku mpaka pa nsapato, n'kufunsa kuti, "Kasi iwe umasopa tsiku liti?"

Sindinamve. Ndinali mtsikana wa ku Dowa, ndipo Chitumbuka changa chonse chinali mawu amodzi, yewo, kutanthauza zikomo. A positimasitala, amene anandiperekeza m'chipindamo, anandithandiza. "Akufunsa kuti mumapemphera tsiku liti."

"Lamulungu," ndinayankha, ndikudabwa kuti kodi kuli tsiku linanso.

Mayiwo anaimirira, chingwe cha chomvera chili lende pachifuwa, n'kuomba m'manja akuyang'ana kudenga. "Yewo, Chiuta wane! Yewo chomene!" Kenako anandikumbatira ngati m'bale wawo wobwera kuchokera ku Joni. Ine mumtima ndinati, ee, ndapeza wa mpingo wathu, kuno sindisowa wopita naye kutchalitchi. Ndinaphonya kutali.

Anali a Sabata mayiwo, a Sabata enieni osati a pakamwa. Dzuwa likangolowa Lachisanu, mpaka litalowanso Loweruka, sankagwira ntchito, sankasonkha moto, ngakhale batani likaduka linkadikira. Koma lamya sidziwa Sabata. Bolodi yathu inkafuna munthu tsiku lililonse: akazi awiri masana, ndi bambo wina wachikulire amene ankagwira usiku. Mayi amene ndinalowa m'malo mwake anali atasamutsidwira ku Karonga, ndipo a positimasitala anali atanena mosabisa kuti wobwerayo akakana kusinthana masiku, mayi a Sabatawa adzasankhe chimodzi, Sabata kapena ntchito. Sankanena mwankhanza ayi, koma bolodi ikakhala yopanda munthu, woyamba kufunsidwa anali iwowo. Tsono mayi a Sabatawa anali amasiye. Ana awo ankakhala ndi agogo awo ku Champhira, ndipo sukulu, sopo ndi bulangeti za anawo zinkachokera pa mpando umene anakhalapowo. Choncho anakhala akupemphera usana ndi usiku kuti Mulungu awatumizire munthu wa Lamulungu. Yankho la pempherolo ndinali ineyo, munthu wotayika.

Tinagwirizana tsiku lomwelo. Lachisanu masana ndi Loweruka lonse zinakhala zanga, Lamulungu lonse linakhala lawo. Masiku enawo tinkakhala tonse.

Kwa amene simunaione bolodi ya nthawi imeneyo, inali bokosi lalikulu lathabwa lodzadza ndi timabowo, ndipo patsogolo pake panali zingwe za mitu yamkuwa. Munthu akapukusa lamya yake kupolisi, kuchipatala kapena ku ofesi ya za ziweto, kachitseko kakang'ono kankagwa pa bolodipo kuti phwa, iwe n'kulowetsa chingwe n'kufunsa kumene akufuna. Wofuna Champhira kapena Edingeni unkamulumikiza msanga ngati mawaya sanagwetsedwe ndi mphepo. Wofuna Zomba ankatha kupita kukadya n'kubwerera. M'mawa manja ankauluka, koma dzuwa likafika paliwombo boma lonse linkawodzera, tizitseko n'kusiya kugwa. Nthawi imeneyo ndi imene ndinkalalikidwa.

Anandilola kupuma masiku ochepa chabe, kuti ndizolowere kuzizira kwa ku Mzimba. Kenako anayamba.

"Munung'una," anatero. Ndi mmene ankanditchulira, kutanthauza mng'ono wawo, ine n'kumawatcha achemwali. "Undiwonetse m'Baibulo pamene Chiuta anasintha tsiku. Vesi limodzi pera. Ukandiwonetsa, mbwenu mawa ndidya nkhumba pamaso pako."

"Ambuye anauka Lamulungu, achemwali."

"Enya, anauka. Nanga Loweruka anali kuti? Anali kupumula m'manda. Iwo ngakhale atafa anasunga Sabata, iwe wamoyo ukukanika!"

Ine sindinabadwe wosalankhula. Kwathu bambo anga anali a kwaya, ndipo mavesi oloweza a Sande sukulu ndinali nawobe. Tsiku lina ndinawadikira atamaliza kulumikiza a za ziweto ndi dipi ya ku Edingeni, n'kuwafunsa mofatsa ngati wofuna kuphunzira.

"Achemwali, lamulo lanu lija, silinena kuti pa Sabata apume ngakhale wantchito wako ndi mlendo wa pakhomo pako?"

"Limatero nadi."

"Nanga ine Loweruka lililonse ndimakhala pano kukugwirirani ntchito, inu muli kuimba. Tchimo limeneli likulembedwa kwa yani?"

Anakonza duku limene linali lokonzeka kale. Kenako anati, "Iwe si wantchito wanga, ndiwe wantchito wa boma. Boma likayankhe lokha." Ndinaseka mpaka kachitseko ka kupolisi kanagwa kawiri ndisanakaone.

Tinkakangana pa chilichonse. Ubatizo wanga ankati si ubatizo, poti madzi a m'mbale amene anandiwaza pamphumi ndili khanda sangatsuke ngakhale supuni. Ine ndinkati ngati chipulumutso chili m'kuya kwa madzi, ndiye achule onse akalowa kumwamba. Azakhali anga atanditumizira mbewa zouma kuchokera ku Dowa, achemwali anasuntha mpando wawo mpaka pa zenera, n'kuyamba kundiwerengera mayina a nyama zodetsedwa limodzilimodzi, ine ndikukukuta mitu dala. Pamene sindinkawapambana ndi pa maulosi. Akatsegula Danieli ndi Chivumbulutso ndinkangoti kukamwa yasa, chifukwa kumpingo kwathu mabuku amenewo ankangokhala otseka ngati kabati ya mbale za alendo.

Muyenera kudziwa kuti masiku amenewo panali zinthu zambiri zimene munthu sunkatsutsana nazo. Za dziko unkangovomera, khadi ya chipani ili m'chikwama, siketi yopitirira mawondo. Makamaka ife a pa bolodi, amene m'makutu mwathu munkadutsa nkhani za boma lonse, tinaphunzitsidwa kukhala ngati ogontha. Ndiye mkangano wonse umene Mulungu anaika m'kamwa mwa munthu unkathera pa Baibulo. Pamenepo pokha ndi pamene unkatha kuuza mnzako mokweza kuti akunama, madzulo n'kukagona kwanu. Ine ndinkasangalala nayo mikangano imeneyo kuposa tiyi, ndipo ndikhulupirira kuti achemwali nawonso ankaikonda, ngakhale iwo ankati akugwira ntchito ya Ambuye.

Chodabwitsa n'chakuti munthu amene ankanditcha mwana wa Babulo mkati mwa sabata, poti kwa iye mipingo ya Lamulungu inali Babulo, ndi yemweyo amene Lachisanu ankandisiyira mbatata zophika ndi mtedza m'kambale kovundikira, kuti Loweruka ndisafe ndi njala pa bolodi. Lamulungu ankalawirira kuposa nthawi yake kuti bambo a usiku aja asanditumizire mawu oti ndidzagwirizire, poti ankadziwa kuti ndimaimba kwaya ndipo ndinali kuvutika kuphunzira nyimbo za Chitumbuka. Mawu ovuta ankandiphunzitsa ndi iwo omwe. Nyimbo za ku Babulo, koma katchulidwe kake ankafuna kakhale kolondola.

Chilimwe china, mphepo yozizira ija itayamba kufewa, kuseri kwa msika kunakhomedwa tenti yaikulu. Kunabwera mlaliki wa mpingo wa achemwali kuchokera kummwera, munthu wamfupi wa mawu aakulu, amene ankalalikira m'Chichewa wina n'kumamasulira m'Chitumbuka. Sanabwere ndi Baibulo lokha. Anabwera ndi nsalu zazikulu zojambulidwa zilombo za m'maulosi, ndipo madzulo aliwonse ankafunyulula imodzi. Mbiri inawanda msanga. Anthu ankachokera kumidzi yakutali pa njinga ndi pa ngolo kudzaona mkango wa mapiko, chimbalangondo cha nthiti m'kamwa, ndi kambuku wa mitu inayi.

Ine ndinapita chifukwa achemwali ndiwo ankayambitsa nyimbo, komanso, ndinene zoona, ndinkafuna kupeza zowagonjetsera pa bolodi.

Tsiku limene anafunyulula chilombo cha nyanga khumi, bambo wina wokalamba wa ku Edingeni, wa makutu oboola, anaimirira ndi ndodo yake n'kufunsa womasulira uja funso lalitali. Womasulirayo anayamba waseka, kenako anati, "Adadawa akufunsa kuti, nyama ya nyanga zochuluka chonchi imalowa bwanji pa chipata cha khola? Ndipo akuti nyanga yaing'ono yomera pakatiyo, kwawo akanaidula ikadali yanthete." Tenti yonse inagwa ndi phwete. Mlaliki nayenso anaseka, n'kunena kuti adadawo amvetsa ulosiwo kuposa ophunzira ambiri.

Panalinso nthawi zina zimene kuseka kunkathawa. Mlaliki atafika ponena za wolamulira amene adzafuna kusintha nthawi ndi malamulo, maso ake anapita ku benchi yakumbuyo, kumene kunkakhala amuna awiri amene sankaimba nawo nyimbo. Anameza malovu n'kunena momveka bwino kuti zimenezi ndi za kutsidya kwa nyanja, za mafumu akalekale. Womasulira anabwereza kawiri. Tonse tinagwedeza mitu mwamphamvu kuti akumbuyowo aone kuti tamva.

Chimene chinandigwira ine si zilombo ayi, koma fano lija la m'maloto a mfumu. Mutu wagolide, chifuwa chasiliva, mimba yamkuwa, miyendo yachitsulo, mapazi achitsulo chosakaniza ndi dongo. Mlaliki ankaloza ndi kamtengo kuchokera kumutu kutsika pansi, akutchula maufumu amene anabwera ndi kupita monga mmene zinanenedwera. Atafika pa zala za kumapazi anaima, n'kutiyang'ana. "Abale anga, ife tili apa. Pansi pa zala palibenso china. Chatsala ndi mwala uja wosemedwa popanda manja." Thupi langa lonse linachita tsembwe. Ndinali ndisanamvepo kuti Baibulo limadziwa pamene tafika. Madzulo otsatira ndinabweranso, ndipo za kufuna kugonjetsa achemwali ndinali nditaiwala.

Tsiku limene anaitana anthu kuti atuluke m'Babulo, ndinangozindikira kuti ndaimirira. Achemwali anali kutsogolo akuyambitsa nyimbo. Atandiona, mawu anawathawa pakati pa mzere, anthu n'kupitiriza okha.

Pobwerera kunyumba anavina mumsewu, mayi wamkulu wa ana ake, fumbi koboo, anthu a pa golosale akuonerera. "Zaka zonsezi, munung'una! Zaka zonsezi ndakhala ndikukutchula pamaso pa Chiuta, m'mawa ndi madzulo!" Anandigwira dzanja mpaka pakhomo panga. Ubatizo unali Loweruka lotsatira, kumtsinje wa kumunsi kwa boma. Tonse awiri tinagona mosangalala, ndipo palibe mmodzi wa ife amene anaganiza za bolodi.

Anatikumbutsa ndi a positimasitala. M'mawa mwake anasuzumira pakhomo la chipinda chathu, kapu ya tiyi ili m'manja. Iwo anali a mpingo winanso, wa ansembe osakwatira, ndipo mikangano yathu ankaimvera patali akumwetulira.

"Ndamva uthenga wabwino," anatero. "Tsono mundiuze, Loweruka pa bolodi pazikhala angelo?"

Tinayang'anana.

"Sindikunyoza ayi," anapitiriza, kumwetulira kutatha. "Wachitatu sangandipatse. Ndipo ndikawauza akuluakulu kuti ndili ndi awiri okana Loweruka, adzandifunsa kuti woyambayo ndamusunga bwanji zaka zonsezi. Ganizani bwino, amayi."

Atatuluka, ndinakumbukira mwambi wa makolo. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Achemwali anapempha munthu wa Lamulungu, anapatsidwa. Anapemphanso kuti munthuyo asiye Lamulungu, ndipo zinkaoneka kuti apatsidwanso. Ndinawayang'ana chammbali. Anali atagwira chingwe m'manja popanda amene waimba.

"Achemwali," ndinayamba, "mwina ndidikire kaye, mpaka..."

"Yayi!" Anandidula mwaukali umene ndinali ndisanauonepo. "Usayerekeze. Moyo wako ndi waukulu kuposa mpando uwu. Chiuta wakumanya, iye ndiye akudziwa."

"Nanga ana?"

"Ana ndi a Chiuta. Yankha chipatala, kachitseko kagwa."

Sabata imeneyo sitinakangane ngakhale kamodzi, ndipo masana anatalika koopsa. Madzulo ndinkapita ku kalasi ya obatizidwa, masana ndinkaona mnzanga akuwonda ndi maganizo. Ndinapitanso kwa mkulu wa mpingo wathu, mphunzitsi wopuma ntchito, ndikuyembekeza kuti andikalipira. Iwo anangondipatsa mpando n'kunena kuti anthu a tenti amabwera ndi chilimwe n'kupita ndi mvula. Anandiwerengera pamene mtumwi akunena kuti wina amalemekeza tsiku lina, wina amayesa masiku onse ofanana, ndipo aliyense atsimikize mumtima mwake. Ndinawafunsa za zala za fano lija. Anakanda m'mutu n'kuvomera kuti zala sanaziphunzire. Pondiperekeza anati, "Mwana wanga, kaya uku kaya uko, koma usankhe. Mapanga awiri avumbwitsa."

Lachinayi kukalasi kuja tinaphunzira za akufa, kuti sapita kumwamba nthawi yomweyo koma amagona m'manda kudikira lipenga, ndiponso kuti ubatizo wowaza si ubatizo konse. Ndinakweza dzanja. Ndinafunsa za mayi anga, amene anandibereka kumbuyo ulendo wautali kupita nane kutchalitchi ku Dowa kuti ndikawazidwe madzi amenewo, amene anamwalira akung'ung'udza nyimbo ya Lamulungu, osasungako Sabata ngakhale limodzi. Mlaliki anandiyankha mwaulemu, ndisamunamizire. Anati Mulungu amaweruza munthu monga mwa kuwala kumene anali nako, ndipo mayi anga akugona mwamtendere. Linali yankho labwino. Koma ndinatuluka m'tentimo mtima ukulemera, chifukwa ine kuyambira tsiku la maliro ndinkadziwa mayi anga ali maso, akuimba, ndipo sindinkatha kuwagoneka.

Lachisanu masana, achemwali akunyamuka kukakonzekera Sabata, anaima pakhomo. "Mawa usabwere kuno. Upite kumtsinje ndi zovala zosinthira, madzi ake ndi ozizira. Za bolodi ndakonza." Ndinaganiza kuti apempha bambo a usiku aja kuti apitirize mpaka masana. Sindinafunse zambiri poti mutu wanga unali wodzadza kale.

Loweruka ndinadzuka ndikudziwa chochita. Sizinabwere ndi mphezi kapena maloto. Ndinangodzifunsa kuti ndinaimiriranji m'tenti muja, ndipo yankho linali loonekeratu: ndinaopa zala za fano, ndiponso ndinkawakonda achemwali. Koma kunena kuti madzi amene mayi anga anandipititsako anali achabe, zimenezo mtima wanga sunavomere. Munthu salowa mumtsinje pofuna kusangalatsa mnzake. Ndinabwezera m'sutikesi zovala zosinthira zija, n'kuvala zakuntchito, ndikuti ndikawamasule bambo a usiku akagone, kenako ndidzaone mmene ndingawauzire achemwali dzuwa likalowa.

Ndikuyandikira khomo lakumbuyo la positi ofesi, ndinamva mawu amene sankayenera kumveka m'menemo tsiku limenelo.

"Mzimba. Mukufuna kuti, bwana?"

Ndinakankha chitseko. Achemwali anali pa bolodi, atavala diresi lawo loyera la Sabata, duku loyera, nsapato zakuda zopukuta. Buku la nyimbo linali pamiyendo, lotseka. Chingwe anachigwira ndi zala ziwiri ngati chikutentha. M'masaya munali mizere ya misozi youma. Munthu uyu, kuyambira ali mwana ku Champhira, anali asanasokepo ngakhale batani pa Sabata.

"Achemwali, lero ndi tsiku lanji?"

Anatembenuka modzidzimuka. "Ukutani kuno? Luta kumtsinje, wachedwa! Anthu ayamba kale kutsetsereka."

"Bambo a usiku ali kuti?"

"Anakana. Lero ndi tsiku la dipi kwawo."

"Ndiye inu mukugwira ntchito pa Sabata."

"Yayi," anatero, akukweza chibwano. "Sindikugwira ntchito. Ndikutulutsa ng'ombe m'chitsime. Ambuye ananena okha kuti ng'ombe yako ikagwera m'chitsime pa Sabata, suidikira kuti dzuwa lilowe. Adada kwathu, ng'ombe ikatitimira m'dambo, safunsa kuti lero ndi lachingati."

"Ng'ombe yake ndi iti?"

"Ndiwe, nanga ndani?"

Kwathu ku Dowa munthu akakutcha ng'ombe mumamenyana. Koma ndinali nditakhala ku Mzimba nthawi yokwanira kudziwa kuti kumeneko palibe chinthu cha mtengo wapatali kuposa ng'ombe.

"Nanga Loweruka linalo? Ndi linalo? Muzitulutsa ng'ombe sabata iliyonse?"

"Lero pera. Lolemba ndikawauza abwana kuti ndasiya. Ndikachoka ine, atumiza wina wa Lamulungu, mbwenu iwe uzisinthana naye monga tinkachitira. Ndiwe mwana, ntchito ukuifuna. Ine ndikalima chimanga kwa adada, manja ndili nawo."

Ananena zimenezi ngati akundiuza mtengo wa tomato. Ndinakhala pa mpando wanga uja n'kulira, kulira kwenikweni kotulutsa mamina. Ndamvapo maulaliki ambiri m'moyo mwanga, a m'tenti ndi a m'matchalitchi a njerwa, koma palibe umene unandifika pamtima ngati mayi ameneyu atakhala pa bolodi ndi diresi loyera. Ndinawakonda tsiku limenelo kuposa m'bale wanga wa bere limodzi.

Nditapukuta kumaso ndinati, "Achemwali, kumtsinje sindikupita."

Anavula chomvera. "Wati vichi?"

"Sindibatizidwa. Ndikhala kumpingo kwathu."

"Ndapota, munung'una, usachite zimenezi chifukwa cha ine. Ukatsala ku Babulo chifukwa cha mpando wanga, magazi ako adzafunsidwa pa mutu panga."

"Si chifukwa cha inu. Onani zimene ndavala. Ndinabwera kudzagwira ntchito ndisanadziwe kuti muli muno." Ndinawafotokozera za mayi anga, za madzi a m'mbale, ndi kuti ndinaimirira chifukwa cha mantha. Anamvetsera osandidula, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Kenako anandiyang'anitsitsa m'maso nthawi yaitali, kufunafuna bodza.

"Nadi?"

"Nadi."

Ndinaona mapewa awo akutsika pang'onopang'ono. Anapuma mpweya waukulu. Kenako pakamwa pawo panayamba kunjenjemera, ine n'kumaganiza kuti ayamba kulira, koma chimene chinatuluka ndi phwete. Anatseka pakamwa ndi manja onse awiri, maso ali tong'o.

"Chiuta andikhululukire," anatero mawu akutuluka m'zala. "Ndakondwa! Munthu akutsala ku Babulo, ine ndakondwa! Ndine Mkhristu wamtundu wanji ine?"

Basi tinagwa nacho chiseko tonse awiri, misozi ndi phwete pamodzi, tikugwirana mapewa, mpaka tizitseko tiwiri tinagwa pa bolodi ife osaona. Ndinawalanda chomvera. Chinali chofunda ndi makutu awo.

"Ng'ombe yanu yakana kutuluka," ndinatero nditalumikiza a polisi amene anali atayamba kale kukalipa. "Tsono mwachimwa kangati m'mawa uno?"

Anawerenga mumtima, nkhope ili yoona mtima. "Oyamba anali a chipatala, kuitanitsa galimoto ya wodwala ku Champhira. Imeneyo ndi ntchito ya chifundo, siwerengedwa. Enawa ndi abwana aja a za ziweto, amafunsa za mankhwala a nkhupakupa." Anaganiza pang'ono. "Imeneyonso ndi ya ng'ombe. Mbwenu ndilibe mlandu."

"Thamangani, nyimbo ayambitsa ndani kumtsinje?"

Anatola buku lawo, kukonza duku, n'kutuluka. Ndinawaona pa zenera akutsetsereka ndi msewu wa kumsika, dzanja limodzi litakwinya diresi loyera kuti lisakhudze fumbi, akuthamanga ngati mtsikana. M'kabati ndinapeza kambale kovundikira kaja. Anali ataphika mbatata Lachisanu monga mwa nthawi zonse, ngakhale ankadziwa kuti wodzadya sakhalapo.

Tinakhala pa bolodi imeneyo zaka zambiri pambuyo pake, mpaka ana awo anamaliza sukulu, ndipo palibe amene anatembenuza mnzake. Za zala za fano ndimaziganizirabe nthawi zina, sindikana. Koma kuyambira tsiku limenelo Loweruka la pa bolodi linasiya kundilemera. Ndinkati ndikakhala ndekha m'chipinda muja, boma lili zii, ndinkadziwa kuti kwinakwake kumtunda kwa msika kuli munthu amene akuyambitsa nyimbo chifukwa ine ndakhala pa mpandowo.

Mawa lake la Loweruka la diresi loyera lija, Lamulungu, achemwali anandipeza panjira ndikupita kutchalitchi, iwo akupita kukalandira bolodi. Anandiimitsa pakati pa msewu, kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi monga tsiku loyamba lija, n'kupukusa mutu. Anamasula duku langa n'kulimanganso bwinobwino, akudandaula kuti atsikana a ku Dowa sadziwa kumanga.

"Luta ku Babulo kwako, kwaya ingayambe iwe palibe," anatero akundikankha pamsana. "Ndipo mawa ubwere nalo vesi lija. Nkhumba ikudikira."